Akubweretsa anthu a mumsewu pakona pathu, ndisaine petishoni yokana?

Imelo iyi inandipeza Lachiwiri m'mawa nditangoweruka ku shifiti ya usiku, maso akulemera, koma nditaiwerenga tulo tonse tinabalalika. Alemba ndi mayi wina wakwathu amene akukhala kuno ku Birmingham ndi ana awiri. Akuti nyumba ya pakona pa msewu wawo ikukonzedwa kuti muzikhala anthu amene ankagona mumsewu, maneba ayamba kuyendetsa petishoni yokana, nde akufunsa kuti, "Achimwene, ndisaine kapena ayi? Ine ndikuopera ana anga."

Achemwali, ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndidzere kaye njira yaitali chifukwa funso lanuli lagunda pachilonda chimene ndakhala ndikuchiphimba zaka zambiri, ndipo ambiri amene mumawerenga pano simukuchidziwa.

Mu December 2010, amene munali kuno mukukumbukira, kunazizira mwa mtundu wina, a zanyengo ananena kuti December wozizira chonchija anali asanaonekepo kwa zaka 100. Mwezi umenewo ine ndinalibe pogona. Mapepala anga anali atakodwa, ntchito ya mu warehouse inatha, ndipo landilodi woti ndinamulipira mokhulupirika zaka ziwiri anangopirira masabata atatu basi n'kusintha loko. Ndinapeza zovala zanga zili m'majumbo akuda a zinyalala aja panja pa khomo, sinowo atazikwirira theka. Ku khonsolo sindikanapita popeza ndinali m'gulu lija la no recourse to public funds, kutanthauza kuti thandizo la boma la nyumba kapena la ndalama iwe silikukhudza olo zitavuta bwanji. Masabata awiri oyamba ndinagona pamipando kwa anzanga, uku masiku anayi uku atatu, koma mlendo ndi mame, ukaona mayi wa panyumba ayamba kuyankhula ndi amuna awo chapansipansi kukhitchini umadziwa wekha kuti nthawi yakwana. Sindikuwadandaula anthu amenewo, nawonso anali pa lendi ya chipinda chimodzi ndi ana.

Nde ndinapeza basi nambala 11. Amene simukudziwa Birmingham, basi imeneyi nthawi imeneyo inkazungulira mzinda wonse, Erdington, Perry Barr, Handsworth, Bearwood, Selly Oak, Kings Heath, Acocks Green mpaka kubwerera pomwe unakwerera, ulendo wa maola awiri ndi kuposa. Ndinkagula tikiti ya tsiku lonse, n'kukakhala pansi kumbuyo kwenikweni pamwamba pa injini pamene pamatuluka kakutentha, chikwama ndachikulunga lamba wake pamkono kuti wina asachitsomphole, n'kugona. Masana ndimo munali usiku wanga. Usiku weniweni ndinkangoyenda, kukhala pa siteshoni ngati ndikudikira kochi, akandithamangitsa n'kupita kwina, miyendo itachita dzanzi mpaka zala zakuphazi osazimvanso. Kusamba kunali kupukuta m'khwapa ndi tishu yonyowa m'chimbudzi cha anthu onse. Mayi anga akaimba kuchokera kumudzi ndinkapita pamalo opanda phokoso la magalimoto n'kuwauza kuti zonse zili bwino amayi, kwangozizira.

Tsiku lina masana ndinadzidzimuka mu basi muja kamwana kakakazi, ka zaka zinayi mwina, katakhala mpando woyang'anizana nane kakundiyang'ana ndi chidwi monga amachitira ana. Ndinakamwetulira. Mayi ake atatembenuka n'kundiona bwinobwino, ndevu zosameta, jekete lonunkha, chikwama chomangirira pamkono, anakagwira dzanja mwamphamvu mpaka kanalira n'kupita nako kutsogolo kwa basi kukaimirira, mipando ilipo yambirimbiri. Mayi ameneyo anali wakuda ngati ine, mwina wakwathu komwe, sindinamve mawu ake. Achemwali, njala ndinaipirira, kuzizira ndinakupirira, koma tsiku limenelo ndinatsika pa Perry Barr n'kukalira kuseri kwa sitolo. Ine mwana wa mayi wa Mvano, ine amene ndinalera azing'ono anga atatu, ndinali nditasanduka chinthu choti mwana achibisidwe. Ndipo usiku womwewo ndi umene ndinagula koyamba chibotolo cha cider wotchipa uja, munthu woti mowa sindinkaudziwa, chifukwa ndinaona anzanga a pa siteshoni akamwa amagona osamva chisanu. Zinangotengera masabata ochepa chabe kuti ndifike pamenepo. Nde munthu amene wakhala kunja zaka zisanu, mukuganiza amakhala atafika pati?

Amene ananditola ndi gogo wina wa ku Jamaica wa kutchalitchi kumene ndinkapita kukamwa supu Lachisanu. Analibe zambiri, anali ndi kachipinda kosungira katundu kokwana bedi ndi mpando basi. Anandipatsa kiyi womangirira kachingwe kofiira nandiuza kuti pano palibe mowa, ukabwera mochedwa usamenyetse chitseko. Usiku woyamba ndinakiya, ndinatsegula, ndinakiyanso, kungofuna kumva kulira kwa loko. Ndinagona maola 14. Mowa uja ndinausiya sabata yomweyo popanda wondiuza kawiri, chifukwa chimene ndinkamwera chinali chitachoka. Mapepala anatuluka patapita miyezi, ndipo lero ndili m'chaka chachisanu ndi chinayi ndikugwira ntchito ya support worker, usiku, m'nyumba ya mtundu womwewo umene maneba anu akuukana.

Nde ndikuuzeni mmene usiku umakhalira kumeneko, chifukwa anthu ambiri oyendetsa mapetishoni sanalowemo olo kamodzi. Kumene ndimagwira ntchito kuli mafulati 12, aliyense lake, kiyi wake, dzina lake pa mgwirizano wa lendi. Ndimalowa 10 koloko, ndimawerenga buku la zimene zachitika masana, wakuti sanamwe mankhwala ake, wakuti wakangana ndi mwana wake pafoni muzimuyang'anitsitsa, wakuti ali ndi apointimenti kwa dokotala mawa 9 koloko mumudzutse. Kenako ndimazungulira, ndimaona geti, mabini, makamera. Usiku wambiri chimene chimamveka ndi TV ya munthu amene tulo tamuthawa ndi ketulo kuwira. Pali bambo wina wa zaka za m'ma 50, anali wopenta nyumba banja lisanathe, atangofika anakhala mwezi wathunthu akugona pansi pambali pa bedi, nsapato ali chivalire, ndalama ndi foni zili m'sokosi. Bedi loyala bwino lili apo iye ali pansi. Nditamufunsa anati matiresi akumufewera kwambiri ndipo akavula nsapato mtima sumukhala pansi chifukwa kunja ukavula umadzuka zitapita. Tsiku limene ndinaona nsapato zake zili pakhomo zitayalidwa bwinobwino ndinalemba m'buku muja ngati nkhani yaikulu, ndipo anzanga a masana anamvetsa chifukwa chake.

Koma sindikunamizani kuti ndi kumwamba ayi. Ambulansi imabwera kwathu kawirikawiri kuposa nyumba ina iliyonse pa msewu umenewo. Pali masiku wina amakuwa 2 koloko usiku chifukwa mutu wake wadzaza mawu amene ife sitikuwamva. Pali amene amabwerera ku mankhwala ozunguza bongo atakhala miyezi isanu ndi umodzi ali bwinobwino, ndipo awiri tinawaika m'manda. Vuto lalikulu limene ndaliona ndi lija azungu amaliti cuckooing, pamene anyamata ogulitsa mankhwala amapeza munthu wofooka amene wangolandira fulati, amayamba ngati anzake, kumugulira fodya, kumukongoza, kenako amalanda nyumbayo n'kuisandutsa sitolo yawo mwiniwake akugona m'bafa ndi mantha. Zinachitika kwathu chaka china. Amene anatithandiza kuzitulukira ndi neba wathu wa kutsidya kwa msewu, mayi wachizungu amene anali patsogolo kukana nyumba yathu isanatsegulidwe, ndipo mpaka lero sanasinthe maganizo ake kwenikweni, amadandaulabe za ndudu zotayidwa pa geti. Koma tinamupatsa nambala ya foni ya ofesi imene imayankhidwa usana ndi usiku, nde anaimba kuti pali galimoto yakuda ikumaima pakona 1 koloko iliyonse, anyamata awiri akumalowera kuseri. Pasanathe masabata awiri apolisi anali atawachotsa. Amene anamenyedwa pa nkhani imeneyo, nthiti ziwiri kuthyoka, anali mkulu wathu amene anamulanda fulati uja, osati neba aliyense.

Ndipo apa ndi pamene anthu amasokoneza. Munthu amene wagona mumsewu nthawi zambiri ndiye amachitidwa chipongwe, osati iye kuchita ena. Bungwe la Crisis kuno ku Britain linafunsa anthu 458 ogona kunja mu 2016, linapeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 alionse anali atachitidwa nkhanza kapena chipongwe m'chaka chimodzi chokha, ena kumenyedwa, ena kugendedwa, ena mpaka kukodzeredwa ali m'tulo, ndipo mwayi woti amenyedwe unali pafupifupi ka 17 kuposa munthu wamba. Mu 2021 ku England ndi Wales anthu 741 osowa pokhala anamwalira, amuna amafa ali ndi zaka 45 tikatengera pakati, akazi 43. Zaka 45 achemwali, msinkhu wanga uno.

Za chitetezo cha maneba nazonso anthu anafufuza, si zongoganizira. Ku Denver ku America, George Galster ndi anzake anatsatira nyumba 14 za mtundu umenewu zimene zinatsegulidwa pakati pa 1992 ndi 1995. Pa nyumba zing'onozing'ono sanapeze kuti umbanda unakwera m'dera lozungulira. Pamene unakwera ndi pa zikuluzikulu zija, za anthu 53 kupita m'mwamba, ndipo olo pamenepo iwo anaona kuti chifukwa chake chikuoneka kuti ndi choti mwaunjika anthu ofooka ambiri malo amodzi, mbava n'kupeza pokolola. Ku New York a Furman Center mu 2008 anayang'ana nyumba 123 kuti aone ngati mitengo ya nyumba za maneba inatsika, chifukwa enanu mantha anu enieni ali pamenepo, anapeza kuti nyumba zimene zili mkati mwa mamita pafupifupi 150 mtengo wake sunagwe, m'malo mwake unkakwera pang'onopang'ono zaka zotsatira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, nyumba zambiri zoterezi zimamangidwa pamene panali bwinja kapena chinyumba chosiyidwa chimene anthu ankabayiramo kale majakisoni mumdima.

Chifukwa anthu amenewa musaganize kuti akuchokera kumwezi. Ali kale m'dera lanu. Ndi yemwe uja mumamudutsa pakhomo pa sitolo m'mawa mukamaperekeza ana kusukulu, ndi amene akugona m'paki momwe ana anu amasewera, m'makwerero a mafulati, kuseri kwa tchalitchi. Mukasaina petishoni sasowa ayi, amangokhalabe pomwepo opanda chimbudzi, opanda wowakumbutsa mankhwala, opanda munthu ngati ine woti aimbiridwe foni akayamba kukuwa. Ine monga bambo, chifukwa nanenso ndili ndi mwana wamkazi tsopano, ndingasankhe ka 100 kuti munthu wodwala mutu akhale kuseri kwa chitseko chake, pansi pali wantchito ali maso, kusiyana n'kuti akhale pa benchi ya pa basi sitopu atatha masiku atatu osagona. Ndipo pa nkhani ya ana tinene zoona zimene timaziopa kunena m'nyumba zathu, ana ambiri amene amachitidwa zoipa, pafupifupi 9 mwa 10, amachitidwa ndi munthu amene amamudziwa, malume, bambo owapeza, mnzawo wa makolo, munthu wa kutchalitchi. Timakiya geti kuopa mlendo wa pakona koma amalume ogona pabalaza sitiwafunsa kanthu.

Ndipo ndinene pano, olo ena akwiye. Zimandiwawa kwambiri ndikaona ife anthu akwathu tili patsogolo pa mapetishoni amenewa. Ife! Ndi angati mwa ife amene tagonapo pampando wa mnzathu miyezi, amene kampani yotibweretsa pa visa ya care inalandidwa laisensi n'kutsala ndi masiku 60 oti tipeze ina kapena tizipita, amene tinadyapo za ku food bank titavala chipewa kuti asatizindikire? Kusiyana kwa ife ndi munthu wa pakhomo pa sitolo uja nthawi zambiri ndi mnzathu mmodzi amene anatitsegulira khomo, basi. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Tikangopeza mapepala ndi kanyumba ka ngongole timaiwala msanga zedi, timayamba kuyankhula mawu omwe aja ankatinenera ife, akuti atsitsa mtengo wa nyumba, akuti abweretsa umve, akuti sitikudziwa kumene achokera. Gogo anga a ku Jamaica aja ankandiuza mmene ankayendera khomo ndi khomo atangofika m'dziko muno, pawindo palembedwa kuti chipinda chilipo koma akagogoda n'kuona nkhope yawo chipinda chija chatha. Ndiye chifukwa chake ananditsegulira.

Mukukumbukira vakabu kwathu? Apolisi kukugwira usiku chifukwa choti ukuyenda basi, ulibe chifukwa chomveka. Lamulo limenelo linabwera ndi atsamunda, muzu wake ndi lamulo la kuno la 1824 limene linkati kugona kunja ndi kupemphetsa ndi mlandu. Kwathu amene analilimba mtima ndi venda, Mayeso Gwanda, amene anagwidwa mu March 2015 m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, ndipo mu January 2017 High Court inagamula kuti gawo limene anamugwirira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Tonse tinaombera m'manja, tinati umphawi si mlandu. Nde tikafika kuno mtima womwe uja wa vakabu tiunyamulenso ife eni, kuona munthu wosauka n'kuganiza kuti ndi chigawenga asanachite kanthu? Ayi, ine zimenezo ndakana.

Komabe achemwali, mwanena kuti muli ku Birmingham, nde sindingakhale chilungamo ndikakuuzani kuti mantha anu alibe pogwira. Mzinda uno uli ndi bala lake lapadera, dzina lake exempt accommodation. Mmene zimayendera ndi chonchi. Ndalama ya lendi imene boma limalipirira munthu wosauka ili ndi malire, koma landilodi akanena kuti akupereka chisamaliro kwa okhalamo malirewo amachoka, amatha kulipiritsa yokwera kwambiri, ndipo lamulo limangoti chisamalirocho chikhale choposa pang'ono chabe osafotokoza kuti ndi chani. Anthu adyera ataona mpata umenewu anagula nyumba za mabanja, kuzidula tizipinda, n'kuthiramo aliyense amene wabwera, wotuluka kundende, mtsikana wothawa mwamuna womumenya, mnyamata wosuta, wodwala mutu, onse khonde limodzi bafa imodzi, chisamaliro chake n'kukhala munthu wobwera kamodzi pa sabata kudzagogoda kuti muli moyo? n'kusainitsa pepala. Mu Birmingham mokha anthu okhala m'nyumba zoterezi anapitirira 20,000, madera ngati Stockland Green misewu ina inasinthiratu nkhope. Komiti ya aphungu a nyumba ya malamulo inafufuza, mu October 2022 inanena poyera kuti dongosolo lonseli ndi chisokonezo chokhachokha, ndipo mu 2023 panadutsa lamulo limene anabweretsa phungu Bob Blackman loti makhonsolo azipereka malaisensi kwa oyendetsa nyumbazi, koma kuyamba kugwira ntchito kwake kwayenda mwa kamba.

Ndinagwirapo m'nyumba yotero miyezi itatu ndisanapeze kumene ndili pano, kampani yake sinditchula. Anandipatsa nyumba zisanu ndi ziwiri ndekha, anthu oposa 40, ndi fomu yoti ndizichonga. Mtsikana wina anandiuza kuti amakodzera m'chidebe usiku chifukwa akuopa kutuluka m'chipinda kupita kubafa. Nditakanena ku ofesi anandiyankha kuti bola lendi ikulowa. Maneba a nyumba imeneyo akanandiuza kuti akuvutika ndikanawavomereza ndi mtima wonse, ankavutikadi, magalasi osweka, ndewu, zinyalala, ndipo analibe woti amuimbire. Koma olakwa sanali mtsikana wa chidebe uja. Wolakwa anali munthu amene amadya ndalamazo ali kunyumba yake yabwino kutali, ndipo petishoni yonena kuti sitikufuna anthu a mumsewu imamusiya iyeyo osakhudzidwa, amangopita msewu wina kumene anthu ake sadziwa kulemba makalata.

Kuti zinthuzi zimatheka zikayendetsedwa bwino, umboni ulipo. Njira yake amaitcha Housing First, anaiyamba Sam Tsemberis ku New York mu 1992, ndipo mfundo yake ndi yomwe ija ya kiyi wa kachingwe kofiira, mpatse kaye munthu khomo lake, za mowa ndi mankhwala ndi ntchito muzikambirana ali ndi pogona, osati kumuuza kuti ayambe wasiya mowa ali pa chisanu. Pafupifupi 8 mwa 10 amakhalabe m'nyumba zawo. Finland inaitenga ngati ndondomeko ya dziko lonse mu 2008, dziko lozizira kuposa kuno, anthu osowa pokhala anali oposa 18,000 mu 1987, pofika 2022 anali osakwana 4,000. Ku Helsinki hosteli ina ya Salvation Army pa msewu wa Alppikatu inali ya mabedi 250, anaigwetsa mkati n'kuisandutsa mafulati pafupifupi 80. Nako maneba ankakana, musaganize kuti ndi angelo, nde oyendetsa nyumbazo anaika ntchito yapadera yosamala ubale ndi maneba, okhalamo kumatuluka kukatola zinyalala m'dera, madandaulo kumayankhidwa msanga. Kuno West Midlands inali imodzi mwa madera atatu, pamodzi ndi Greater Manchester ndi Liverpool, amene boma linapatsa mapaundi 28 miliyoni kuti ayesere njira imeneyi. Ndipo mu March 2020 Covid itavuta, boma litalamula kuti aliyense alowe m'nyumba, anthu pafupifupi 15,000 anapezeredwa pogona m'miyezi iwiri yokha. Zikafunika zimachitika. Ine chimene chimandipweteka ndi choti zinatengera mliri.

Nde muchite chani?

Musasaine kaye. Pezani dzina la bungwe limene lidzayendetse nyumbayo, ndipo mukumane nawo maso ndi maso, inu ndi maneba awiri atatu. Afunseni kuti mudzakhala anthu angati, aliyense adzakhala ndi khomo lake kapena ndi tizipinda togawana bafa, wantchito adzakhalapo maola angati ndipo usiku kuli ndani, anthuwo akutumizidwa ndi khonsolo kapena akungotoledwa pa intaneti, ndipo nambala yoti muimbe 2 koloko usiku ndi iti. Limenelo la nambala ndiye funso lalikulu. Bungwe labwino limayankha mosavuta, mwinanso kukuitanani kuti mukaone nyumba ina imene akuyendetsa kale. Akayamba kuzemba, kapena dzina la kampani likusinthasintha, pitani kwa khansala wa dera lanu, ndipo pamenepo lembani kalata yanu yonena za oyendetsawo ndi kuchuluka kwa anthu, ineyo ndidzakuthandizani kulemba. Funsaninso ku khonsolo ngati nyumbayo ili ndi laisensi ya HMO, imene imafunika pakakhala anthu asanu kapena kuposa a mabanja osiyana, koma dziwani kuti mabungwe olembetsedwa kwa Regulator of Social Housing, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe a nyumba, safunika laisensi imeneyi ndipo ndi pomwe ena amabisala. Ngati pali pempho la planning, lopempha chilolezo ku khonsolo chomanga kapena kusintha nyumba, mumakhala ndi masiku 21 oti mupereke maganizo. Ikatsegulidwa n'kuyamba kuvuta, lembani tsiku ndi nthawi ya chilichonse, imbani apolisi pa 101, zikakhala zoopsa 999, ndipo mukadandaula katatu m'miyezi isanu ndi umodzi osathandizidwa muli ndi ufulu wopempha ASB Case Review kuti apolisi, khonsolo ndi eni nyumba akhale pansi pa nkhani yanu.

Ana anu auzeni zomwe mumawauza kale za munthu wamkulu aliyense, osalowa m'nyumba ya munthu, osalandira kanthu popanda inu, jakisoni akamuona pansi osamugwira abwere adzanene. Koma moni musawaletse. Mkulu wa nsapato uja pali kamnyamata ka neba kamene kamamupatsa moni m'mawa kakamapita kusukulu ndi mayi ake, ndipo iye amadzuka 8 koloko, kumeta, kuvala malaya oyera n'kukaima pa geti ndi kapu ya tiyi kudikira moni ameneyo. Nditumizireni dzina la bungwelo pa imelo yomweyi, ndifunsa anzanga a ntchito amene akuwadziwa, ndikuyankhani lisanathe sabata lino.